Mileme ya ku Kasanka Igona M'paki, Koma Idya Kunja

Tsiku lina pa pulogilamu ya zacilengedwe imene nimathandizako pa wailesi ya kwathu, ninachula mileme. Sipanapite na mphindi ziwili, foni inalila. Anali atate ena acikulile, ndipo sanazungulile. Anati unga wakwela mtengo, malaiti amapita m'mawa n'kubwela pakati pa usiku, ndiye ise a pa wailesi tapeza nthawi yokamba za tunyama tonunkha tumene ena amati ni twa mfiti? Ninawayankha mwaulemu, koma yankho langa linali lopelewela. Ninangoti mileme nayonso ni cilengedwe, basi. Ninafika kunyumba nikali kudziseka. Cimene ninafunika kuwauza atate aja ni mbili ya kankhalango kamodzi ka m'cigawo ca Central, na mmene malonda a mitengo, a malasha na a mafamu aakulu anafikila pakhomo pake.

Malo ake ni Kasanka National Park. Mukacoka mu Lusaka mupita ku Kapiri Mposhi, mukhotela pa Great North Road kupitilila Mkushi na Serenje, ndiyeno mutenga mseu wopita ku Samfya na Mansa. Ni dziko la aLala, kwa Mfumu Chitambo, kufupi na kumene David Livingstone anafela mu 1873. Kasanka ili m'gulu la mapaki ang'ono-ang'ono a dziko lino. Kukula kwake ni masikweya kilomita pafupi-fupi 390, pamene Kafue ili na 22,400. Mungalonge ma Kasanka oposa 50 mu Kafue, malo n'kutsalako.

Mkati mwa pakiyi, pa malo ochedwa Fibwe, muli kankhalango ka m'madzi kamene anthu a kumeneko amakacha mushitu. Ni mitengo itali-itali yosagwetsa masamba, mizu yake ili m'matope. Kukula kwake ni mahekitala ocepa cabe, kocepa kuposa komboni iliyonse ya mu Lusaka imene mungaganizile. Caka ciliconse cakumapeto kwa October, mvula yoyamba ikayandikila, mileme yodya zipatso imayamba kutela mmenemo. Akatswili amaicha Eidolon helvum. Si tuja tumileme tumene tumalowa m'denga la kalasi. Iyi ni ikulu, nkhope ngati ya kagalu, ubweya wa mtundu wa udzu wouma, ndipo ikatambasula mapiko imafika masentimita 80. Mu November imaculuka cakuti nthambi zimathyoka na kulemela kwake. Dzuwa likamalowa imanyamuka yonse, thambo n'kuda bii kwa mphindi zambili, ndipo mbandakuca imabwelela mimba zili zokhuta. Nkhwazi na ziombankhanga zimaidikila m'mwamba, ng'ona zimadikila yakugwa pansi. Pofika kumapeto kwa December kapena kuciyambi kwa January, mushitu umatsala zii.

Ni ingati? Apa tiyenela kusamala, cifukwa ise a pa wailesi timakonda nambala yaikulu. Kwa zaka zambili mapepala oitanila alendo akhala akulemba mamiliyoni 8 kapena 10, ndipo ine nemwe ninaichulapo nambala imeneyo pa mphepo. Koma mu 2023 ofufuza ogwilizana na Max Planck Institute ya ku Germany anafalitsa zimene anapeza ataika makamela kuzungulila mushitu n'kuwelenga mileme na kompyuta. Anapeza kuti pa nthawi imene inaculuka kwambili inali pakati pa 750,000 na 1 miliyoni. Ena cinawawawa, monga kuti taluza mendulo. Ine sicinaniwawe. Miliyoni imodzi ya nyama zamapiko pa malo aang'ono conco ikali cinthu cimene maiko ena angacilipile ndalama zambili kuti akhale naco. Ndiponso munthu amene amaganiza kuti ali na nkhuku 100 pamene ali na 10 cabe sasamala kabawi akagwilako imodzi.

Manje mvelani cimene cinanitsegula maso. Ofufuza awili, Heidi Richter na Graeme Cumming, anamangilila tumakina twa setilaiti m'khosi mwa mileme inayi ya ku Kasanka, ndipo zimene anapeza zinafalitsidwa mu 2008. Mileme imeneyo inali kupita kukadya kutali mpaka makilomita 59 kucokela pogona. Ganizilani bwino. Paki ya masikweya kilomita 390, mukaikonza kukhala ya makona anayi ofanana, mbali iliyonse ingakhale makilomita 20 cabe. Mleme wouluka makilomita 40 kapena 50 usiku umodzi umakhala utatuluka kale-kale m'malile a paki. Cimene cimaiitana ni masuku, mpundu na zipatso za mitengo ya m'mbali mwa madambo, zimene zimapsa pa nthawi yomweyo. Ndiye kuti boma linateteza cipinda cogona, koma khichini ili kunja, m'thengo limene muli alimi, otema mapulanga, owocha malasha na makampani. Kuti timvetse cifukwa cake zinthu zinakhala conco, tiyenela kubwelela kumbuyo n'kuona amene anajambula malile a nkhalango zathu, na cimene anali kufuna pojambula.

Boma la atsamunda litayang'ana mitengo ya Northern Rhodesia, linaona mapulanga na nkhuni. Kum'mwela cakumadzulo kunali mukusi, mtengo wolimba umene ciswe cimaulemekeza. Kampani ya Zambezi Saw Mills inatema mukusi kwa zaka zambili, ndipo m'zaka za m'ma 1920 inamanga njanji yake-yake kucokela ku Livingstone kupita ku Mulobezi kuti izitulutsilapo mitengo. Mukusi wathu unakagona pansi pa njanji za sitima kum'mwela kwa Africa, wina unakakhala pansi pa mapazi a anthu m'nyumba za olemela. Ku Copperbelt migodi inali kufuna mizati yocilikizila makwawa a pansi pa nthaka. Nkhondo yaciwili ya dziko lonse itatha, malasha a miyala ocokela ku Wankie, kumene lelo amati Hwange, anayamba kupelewela cifukwa njanji inali kulephela kunyamula okwanila. Migodi inayamba kuwocha nkhuni kuti ipange magetsi. Thengo lalikulu lozungulila matauni a migodi linagwa m'zaka zimenezo, mpaka pamene magetsi ocokela ku Congo, ndipo pambuyo pake a ku Kariba, anafika.

Poona kuti mitengo yacilengedwe imakula pang'ono-pang'ono ndipo migodi siyembekeza, boma linayamba kubyala mitengo yacilendo yokula msanga. M'zaka za m'ma 1960 minda ikulu-ikulu ya paini na bulugamu inayamba ku Copperbelt, ndipo mu 1982 inaikidwa m'manja mwa kampani ya boma ya ZAFFICO. Masiku ano minda imeneyi, ku Ndola, Chati, Ichimpe na Lamba, ili pa mahekitala pafupi-fupi 50,000, ndipo mu 2020 kampaniyi inayamba kugulitsa masheya ake pa msika wa masheya wa mu Lusaka. Mapulanga a denga la nyumba imene mucita lendi, na mapolo ambili a magetsi amene mumawaona m'mseu, anacokela m'minda ya mtundu umenewu.

Sindinabwele kudzanyoza paini. Thabwa lililonse la paini ni mukwa umodzi umene wapulumuka. Koma munda wa paini, olo ukhale wobiliwila bwanji, kwa mleme uli ngati sitolo yodzala makatoni opanda kanthu. Mulibe suku, mulibe mpundu, mulibe nkhuyu. Ndiponso dziko lino lili na mitundu ya mileme yoposa 60, ndipo yambili ni ing'ono-ing'ono yodya tuzilombo touluka usiku, kuphatikizapo tuja tumene mbozi zake zimaononga mbewu. Ina mwa iyo imagona na kulela ana m'mphako za mitengo yakale kapena kuseli kwa makungwa osendeka. Mphako simabwela pa mtengo wacinyamata. Imafuna mtengo wokalamba, umene unathyokapo nthambi, unalasidwapo na mphezi, unabooledwapo na mbalame. M'munda wa malonda mtengo umadulidwa ukangokwana kupanga thabwa, usanakalambe. Ndipo m'thengo lacilengedwe mmene muli laisensi yotema, mtengo wa mphako umaoneka wopanda phindu, conco umathela ku uvuni wa malasha. Palibe amene anakonza zothamangitsa mileme. Inangosowa m'mabuku owelengela ndalama.

Malile ena anajambulidwa na anthu a zanyama, ndipo iwo anali kuyang'ana njovu, njati na nyama za nyanga. Mu 1972 boma la Kenneth Kaunda linalengeza mapaki ambili amene tili nawo lelo, ndipo Kasanka inali imodzi mwa iwo. Kuzungulila mapaki kunaikidwa madela ochedwa Game Management Area, kapena kuti GMA, kumene anthu amaloledwa kukhala na kulima koma nyama zili na citetezo ndithu. Yozungulila Kasanka ni Kafinda GMA. Papepala zinali bwino. Koma mtengo wa kopa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, boma linasowa ndalama, ndipo paki yaing'ono yakutali ngati Kasanka inaiwalika. Opha nyama mwakuba analowa mmene anafunila.

Mu 1985 David Lloyd, Mngelezi amene kale anasewenzapo m'boma la atsamunda, anakaona malowo. Kunalibe miseu yabwino, kunalibe milatho, kunalibe alendo. Nkhani imene imakambidwa ni yakuti anamva kulila kwa mfuti, ndipo anati ngati anthu akali kuombela ndiye kuti nyama zikalimo. Anagwilizana na mlimi wina wa famu yaikulu, Gareth Williams, n'kuyamba kuikamo ndalama zawo: kulemba nchito alonda a nyama, kulambula miseu, kumanga tumisasa. Anakhazikitsa bungwe la Kasanka Trust, ndipo mu 1990 bungweli linasainilana cipangano na dipatimenti ya boma yoona za mapaki kuti lizithandiza kuyendetsa pakiyo. Kasanka inakhala paki yoyamba mu Zambia kuyendetsedwa mwa njila imeneyi. Nyama zinayamba kubwelela, maka-maka puku na sitatunga, mphalapala ya m'madambo ija yamanyazi imene alendo amaionela pa nsanja yomangidwa m'mwamba mwa mtengo wa mbawa pa Fibwe.

Onani kuti m'nkhani yonse ya mfuti na alonda, mileme simumveka. Inapulumuka cifukwa mushitu wake unapezeka mkati mwa mzele umene unajambulidwila nyama zina. Kenako zinthu zinatembenuka. Ofufuza anayamba kubwela, ojambula mafilimu anatsatila, ndipo mu 2009 BBC inaonetsa mileme ya ku Kasanka m'pulogilamu yake yochedwa Life. Kanyama kamene sikanali m'pulani ya munthu aliyense ndiye kanakhala cikoka ca paki. Lelo nyengo ya mileme ndiyo imadzaza misasa ya alendo, ndipo ndalama za miyezi iwili imeneyo zimathandiza kulipila alonda amene amateteza sitatunga na njovu. Wobwela mocedwa ndiye akudyetsa nyumba.

Mileme payokha si alendo aulemu. Kulemela kwake kumathyola nthambi na kugwetsa mitengo, denga la mushitu n'kung'ambika. Dzuwa likalowa pansi, udzu umamela, ndipo udzu wouma umaitana moto. Lupsa la mu September kapena October likafika m'mbali mwa mushitu limadya mitengo imene siinazolowele moto. N'cifukwa cake nchito imodzi yofunika kwambili pa Fibwe ni yosaoneka pa kamela: kulambula njila zochinga moto na kuwocha udzu msanga ukali na cinyezi. Zimenezi zili m'manja mwa oyang'anila paki, ndipo angazikwanitse. Za kunja kwa malile ndizo zili m'manja mwa anthu ambili, ise a m'tauni tili momwemo.

Kodi mileme imabweza ciani pa masuku amene imadya? Mitengo ikulu-ikulu ya miombo, monga mutondo na musamba, siifuna thandizo la mleme. Makoko ake akauma amaphulika, njele n'kugwela capafupi. Koma mitengo ya zipatso imadalila wakudya. Mleme umanyamula cipatso n'kukadyela pa mtengo wina, kutaya njele zikulu pansi, ndipo tunjele tung'ono monga twa nkhuyu umameza n'kukatutaya uli m'mwamba. Ku Ghana, kumene mileme ya mtundu womwewu imagona m'mitengo ya pakati pa mzinda wa Accra, ofufuza anapeza kuti ingathe kutaya tunjele pa mtunda wa makilomita 75 kucokela pamene inadya. Nyani amayenda pansi ndipo amaopa kudutsa munda woyela. Mbalame zambili sizipita kutali. Mleme umadutsa pamwamba pa minda, miseu na malo otemedwa popanda kupempha cilolezo. Pamene thengo laduka-duka kukhala tuzigamba, iwo ni mmodzi mwa anchito ocepa amene akali kunyamula mbewu kucoka pa cigamba cina kupita pa cinzake. Masuku a m'mabeseni amene amayi amagulitsa m'mbali mwa Great North Road na m'misika ya mu Lusaka mu November palibe anawabyala. Ni thengo lomwelo limene limatipatsa bowa, uci na vinkubala.

Atate aja anachulanso za matenda, ndipo pamenepo sananame kweni-kweni. Mileme ina imanyamula tuzilombo toyambitsa matenda. Malangizo ake ni osavuta: osaigwila, osaidya, osatola cipatso columidwa. Koma kugwetsa thengo sikuithamangitsila kutali. Yanjala imabwela ku mango a pakhomo.

Makolo a kumeneko sanali angelo, anali kutema nawonso. Ulimi wa citemene unali kugwetsa mitengo na kuwocha nthambi kuti phulusa likhale feteleza wa mawele. Koma munda unali kusiyidwa kwa zaka zambili, zitsa n'kuphukanso, ndipo kawili-kawili wotema anali kulambalala mtengo wa zipatso cifukwa ana ake anali kudzadyako. Thengo la miombo limadziwa kuuka ngati zitsa na mizu zatsala m'nthaka. Malasha a malonda anasintha liwilo. Ziwelengelo zimene boma na mabungwe amachula kawili-kawili zimati Zambia imataya mahekitala a nkhalango pakati pa 250,000 na 300,000 caka ciliconse. Ndipo wogula malasha ni ndani? Ni ine na imwe. Mu 2015, mu 2019, ndiponso mu 2024 pamene cilala cinaphwetsa Kariba ndipo malaiti anali kupita maola 20 kapena kuposapo, mbaula ndiyo inatiphikila nsima. Siningaloze cala mnyamata wa ku Serenje amene alibe nchito ina, pamene thumba limene anawocha lili kuseli kwa citseko canga.

Cimene thengo silingapilile ni buludoza, cifukwa imazula na mizu yomwe. Boma linasankha dela la Serenje kukhala limodzi mwa malo a mafamu aakulu, ndipo Nansanga Farm Block ili kumeneko. Mvula ni yabwino, mitsinje siuma, njanji ya TAZARA na mseu waukulu zili pafupi. Mu 2017 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lochedwa Forced to Leave, lofotokoza mabanja a ku Serenje amene anacotsedwa pa malo awo mafamu a malonda atabwela. Lipotilo linali kukamba za anthu, osati mileme. Koma thengo limene mabanjawo anali kutolamo masuku ndilo lomwe mileme inali kudyamo.

Mu 2019 makina anafika mu Kafinda GMA mwenimweni. Kampani ya Lake Agro Industries, ya m'gulu la makampani a Lake a ku Tanzania, inayamba kugwetsa thengo kufupi na malile a paki kuti ilime tiligu, soya na cimanga pa makina aakulu othilila ozungulila aja. Kasanka Trust inadandaula kuti mahekitala mazana angapo anali atagwa kale, kuti mapulani anali a famu ya mahekitala masauzande, ndiponso kuti madzi othilila anali kudzacokela mu Luwombwa, mtsinje waukulu wodutsa m'paki. Nkhaniyo inazungulila m'maofesi a zanyama, a zamalo na ku ZEMA, bungwe loona za cilengedwe. Kenako Trust, pamodzi na magulu awili a anthu a m'midzi oyang'anila nkhalango, inakasuma ku High Court mu Lusaka. Mu January 2022 khoti inapeleka lamulo loimitsa kaye kutema, kulima na kumanga m'delalo, lokhudza Lake Agro na kampani ina yochedwa Gulf Adventure, kufikila mlandu utaweluzidwa.

Amene amaikila kumbuyo mafamu aakulu ali na mfundo zawo, ndipo si zopusa. Dziko lifunika cakudya, acinyamata afunika nchito, ndipo buledi amene timagula m'mawa amacokela ku tiligu wa pa famu ya munthu. Mnyamata wa kwa Chitambo amene wapeza nchito yoyendetsa thilakita sangasinthanitse malipilo ake na cithunzi ca mileme pa Facebook. Funso langa ni la malo. Zambia ni yaikulu, ndipo boma linapatula kale malo a mafamu otelo. N'cifukwa ciani famu ikagwele m'GMA, pakhomo pa paki, pa mtsinje umene umamwetsa madambo ake? GMA inapangidwa kuti ikhale khonde la paki. Ngati khonde lingagulitsidwe kacete-cete, ndiye kuti mzele wa pa mapu ni coko cabe. Ise a mu Lusaka tinazionela tokha pa Forest 27, kum'mawa kwa mzinda kumene mtsinje wa Chalimbana umayambila, pamene zigawo za nkhalango yotetezedwa zinacotsedwa pa mndandanda kuyambila mu 2017, nyumba n'kuyamba kumela.

M'nkhani ya ku khoti ija, mbali imene imanikondweletsa kwambili ni magulu awili a m'midzi aja. Zaka 20 kumbuyoko sakanatha kuima pamaso pa woweluza monga eni nkhalango. Lamulo la nkhalango la mu 1973 linaika mphamvu zonse m'manja mwa boma, ndipo munthu wa kumudzi anali ngati mlendo kapena wakuba m'thengo la makolo ake. Mu 1999 aphungu anapanga lamulo latsopano lolola anthu kutengako mbali, koma linakhala m'kabati osayamba kusewenza mokwanila. Cinasintha zinthu ni Forests Act ya mu 2015, pamodzi na malamulo ake a mu 2018, amene amalola anthu a m'dela, mfumu yawo itavomeleza, kupanga gulu lozindikilidwa na boma, kuika malile a nkhalango yawo, kupanga malamulo ake na kupindula na zotulukamo. Gulu lotelo lingagulitse uci, bowa, vinkubala, olo mapulanga ngati lili na cilolezo. Ni malonda ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti wogulitsa amakhala pomwepo, ndipo adzafunanso kugulitsa caka camawa.

Apa m'pamene nkhani ya mileme imakumana na ya ndalama popanda kumenyana. Thengo limene likusewenzedwa lingasunge mileme ngati otema atsatila zinthu zocepa zimene akatswili a nkhalango m'maiko ambili amalangiza, ndipo zina mwa izo agogo athu anali kuzicita osaziwelenga m'buku. Msuku, mpundu na mkuyu zisiyidwe ciimile. Mtengo wakale wa mphako, umene kwa wa mapulanga ulibe phindu, usapite ku uvuni, cifukwa ndiwo nyumba ya tumileme todya tuzilombo, ya njuci na ya akadzidzi. M'mbali mwa mitsinje na madambo musalowe nkhwangwa. Zitsa zisazulidwe pamene sipadzalimidwa. Udzu uwochedwe msanga, mu May kapena June, osati mu October pamene moto umakwela mpaka kunsonga. Ndipo mwini munda wa paini kapena wa tiligu angasiye mizele ya thengo lacilengedwe pakati pa minda yake, yolumikizana, m'malo mometa dziko lonse mpala. Zimenezi zimadyako phindu pang'ono, n'zoona. N'cifukwa cake sizicitika zokha. Zimafunika kulembedwa m'laisensi yotemela na m'cilolezo ca ZEMA, ndipo pamafunika wina wopita kukaona ngati zatsatilidwa. Ofesala wa zankhalango amene alibe mafuta a njinga yamoto sangaone ciliconse.

Pali cinanso cimene acinyamata a m'tauni tingacite cimene sicifuna ndalama. Polojekiti yaikulu isanavomelezedwe, lamulo la zacilengedwe la mu 2011 limafuna kuti pakhale lipoti la mmene idzakhudzila malo, ndipo anthu amapatsidwa mpata wopelekapo ndemanga. Malipoti amenewa amakhala aatali, a Cizungu covuta, ndipo ambili aife sitinawatsegulepo. Koma amene anafika ku koleji angawelenge tsamba lokamba za mitengo na madzi, n'kufotokozela anzake m'Cinyanja, m'Cibemba kapena m'Cilala. Ine pa wailesi nayamba kucita zimenezo, ndipo mafoni amalila kuposa mmene n'nali kuganizila.

Tibwelele ku mileme inayi ija ya tumakina m'khosi. Nyengo ya masuku itatha, inanyamuka kulowela kumpoto cakumadzulo, n'kudutsa malile kulowa mu Democratic Republic of Congo. Umodzi unatsatilidwa kwa masiku 149, ndipo maulendo ake onse ataphatikizidwa anakwana makilomita 2,518. Usiku uliwonse wa ulendo umenewo unafunika kupeza mtengo wa zipatso, ndipo m'mawa uliwonse unafunika nthambi yogonapo. Pa bungwe la IUCN, limene limalemba za nyama zili pangozi padziko lonse, mtundu umenewu uli m'gulu la zimene zatsala pang'ono kulowa m'ngozi, cifukwa m'maiko ena a kumadzulo na pakati pa Africa umaphedwa kwambili kuti ukhale ndiwo, ndipo mitengo yake ikutha. Pa miyezi 12 ya caka, Kasanka imaisunga miyezi iwili kapena itatu cabe, ndipo olo pa miyezi imeneyo imaisunga masana okha.